Nthambo idachoka m'fakitale, koma ntchito yake idagwera woika makina

Amene amagulitsa masensa opanda waya ali ndi mawu omwe sawaiwala: kachipangizo aka mumangokamangirira pa paipi, n'kuika batire, basi kayamba kutumiza manambala. Akunena zoona, koma zoona zake n'zapakatikati. Masiku ano sensa yoyeza kutentha kwa boyila, pulesha ya mu paipi kapena kunjenjemera kwa pampu ikhozadi kutumiza zimene yapeza ku kompyuta popanda munthu kukumba ngalande kapena kukoka nthambo mamita mazanamazana. Chodabwitsa n'chakuti luso lotumiza zoyezedwa pa wayilesi ndi lakalekale. Mu Januwale 1929, Robert Bureau wa ku France adaulutsa chibaluni chonyamula zida zoyezera nyengo zomwe zinkatumiza uthenga pansi kudzera pa wayilesi, ndipo chaka chotsatira Pavel Molchanov wa ku Soviet Union adachita chimodzimodzi. Nanga bwanji mafakitale akuluakulu a mafuta, a mankhwala ndi a magetsi adadikira mpaka 2007, zaka pafupifupi 80, asanagwirizane muyezo wa masensa opanda waya?

Sikuti mainjiniya anali amantha kapena okakamira zakale. Ankadziwa kuti nthambo ija inkagwira ntchito zitatu nthawi imodzi. Inkapititsa magetsi ku sensa, inkabweretsa uthenga kuchokera ku sensa, ndipo ikaduka inkadziulula yokha. Ukaichotsa, ntchito zitatuzi sizichoka nayo. Zimafuna wina woti azisenze, ndipo mbiri ikuonetsa kuti gawo lalikulu la katunduyu lidagwera munthu amene amakwera makwerero ali ndi sipanala m'manja, n'kusankha pomwe kachipangizoko kakhale. Walira mvula walira matope.

Nthambo imene inkanena yokha kuti yaduka

Magetsi asanalamulire ntchito yoyeza m'mafakitale, uthenga unkayenda ndi mpweya. Timapaipi ting'onoting'ono tinkachoka pa choyezera n'kukafika m'chipinda choyang'anira makina, ndipo pulesha ya mpweya wa mu kapaipiko ndi imene inkaimira nambala. Muyezo umene udafala unali wa 3 mpaka 15 psi. Taonani kuti sudayambire pa ziro. Thanki ikakhala yopanda kanthu, singano inkaloza pa 3. Singano ikagwera pa ziro, woyang'anira ankadziwa kuti vuto silili mu thanki: kapaipi kabooka kapena makina opopa mpweya aima.

M'zaka za m'ma 1950, zida zamagetsi zitayamba kulowa m'malo mwa timapaipi, nzeru imeneyi idatengedwa momwemo. Muyezo wa 4 mpaka 20 mA, womwe mpaka lero ukupezeka pafupifupi m'fakitale iliyonse padziko lapansi, umagwiritsa ntchito 4 mA kuimira chiyambi cha muyezo ndi 20 mA kuimira mapeto ake. Magetsi ochepa aja a 4 mA ndi okwanira kuyendetsa sensa yomweyo, choncho mawaya awiri okha amadyetsa chipangizo n'kunyamulanso uthenga wake. Nthambo ikaduka magetsi amagwera pa ziro, ndipo ziro si nambala imene sensa yamoyo ingatumize. Pambuyo pake bungwe la NAMUR la ku Germany lidakonza malangizo otchedwa NE 43, akuti magetsi akatsika kufika pa 3.6 mA kapena kukwera kufika pa 21 mA, chimenecho chizitengedwa ngati kulira kwa chipangizo chodwala.

Pakati pa zaka za m'ma 1980, kampani ya Rosemount ya ku America idaonjezapo chinthu china. Idapeza njira yokwezera uthenga wa dijito pamwamba pa magetsi omwe aja a 4 mpaka 20 mA, pogwiritsa ntchito kaliridwe kawiri kobwerekedwa ku makina akale a telefoni: 1200 Hz kuimira 1 ndi 2200 Hz kuimira 0. Njirayi idatchedwa HART. Kuyambira pamenepo sensa inkatha kunena dzina lake, malire a muyezo wake komanso matenda ake, nthambo ili yomweyo.

Vuto la nthambo linali mtengo. Kufikitsa waya pa thanki yakutali kumafuna ngalande, mapaipi otetezera, mabokosi olumikizira, malo mu kabati ya makina, zojambula zatsopano ndi chilolezo chogwirira ntchito pamalo owopsa. Nthawi zambiri zimenezi zinkadya ndalama zoposa mtengo wa sensa imene. Chotsatira chake, eni mafakitale ankakoka mawaya kupita pa zinthu zokhazo zimene sakadachitira mwina. Zotsalazo ankaziyeza ndi miyendo: munthu ankazungulira ndi kabuku, kuwerenga mageji kamodzi pa shifiti kapena kamodzi pa mwezi. Beringi ya pampu inkatha kuyamba kuwonongeka tsiku lotsatira munthuyo atadutsa, n'kudzadziwika pampu itaima kale.

Phunziro la ku Senghenydd

Ntchito yoyamba ya nthambo, yopereka magetsi, ili ndi mbiri ya maliro. Pa 14 Okutobala 1913, mgodi wa malasha wa Universal ku Senghenydd, m'dziko la Wales, udaphulika n'kupha anthu ogwira ntchito 439. Mpaka lero imeneyi ndi ngozi ya mumgodi yaikulu koposa m'mbiri ya Britain. Chimodzi mwa zinthu zimene ofufuza adazikayikira kwambiri chinali belu lamagetsi lopatsirana zizindikiro. M'mbali mwa njira za mumgodimo munkadutsa mawaya awiri osakutidwa, ndipo munthu akafuna kuliza belu ankangowagunditsa, kapena kuwalumikiza ndi kachitsulo. Magetsi ake anali a mabatire, ochepa ndithu, moti anthu ankaona ngati sangayatse kanthu. Kafukufuku amene R. V. Wheeler adatsogolera pambuyo pa ngoziyi adaonetsa kuti kuthetheka kwa pa mawaya oterowo kukhoza kuyatsa mpweya wa methane, chifukwa koyilo ya belu imasunga mphamvu ndipo imaitulutsa nthawi imodzi mawaya akasiyana.

Apa ndi pamene padabadwira mfundo imene mainjiniya amaitcha intrinsic safety: chipangizo chizipangidwa mwa njira yoti, ngakhale chitawonongeka, mphamvu imene chingatulutse isakwane kuyatsa mpweya woizungulira. Ife a kuno kum'mwera kwa Africa nkhani ya mpweya wa mumgodi si yongomva. Pa 6 Juni 1972 mgodi wa malasha wa Wankie, komwe lero ndi ku Hwange m'dziko la Zimbabwe, udaphulika n'kupha anthu oposa 400, ndipo mwa iwo munali Amalawi amene adapita kukafuna ntchito.

Sensa yopanda waya imanyamula batire lake m'mimba, kawirikawiri la mtundu wa lithium thionyl chloride, lomwe limasunga mphamvu zambiri kwa zaka. Kunena kwina, tikutenga gwero la moto n'kukaliika pakati pa mathanki a petulo kapena m'nyumba yodzaza fumbi la shuga kapena la ufa, lomwe nalonso limaphulika. N'chifukwa chake funso loyamba la woika makina silikhudza wayilesi konse. Amayamba wafunsa kuti malo amenewa adaikidwa m'gulu liti la malo owopsa, ndipo chiphaso chimene chalembedwa pa chipangizocho, kaya cha ATEX cha ku Ulaya kapena cha IECEx, chikulola gulu limenelo kapena ayi. Munthu amene amachotsa batire lovomerezeka n'kuikamo lotsika mtengo la kumsika chifukwa choti likukwana, wabwezeretsa mawaya osakutidwa a ku Senghenydd m'fakitale yamakono.

Wayilesi m'nkhalango ya zitsulo

Ntchito yachiwiri, yonyamula uthenga, ndi imene idachedwetsa zinthu kwambiri. Fakitale ndi malo oipa kwa wayilesi. Mafunde a 2.4 GHz ndi aafupi, pafupifupi masentimita 12.5, ndipo akagunda thanki, paipi kapena denga la malata amabwerera. Akafika pa eriyo kuchokera mbali zosiyanasiyana, nthawi zina amathandizana, nthawi zina amafafanizana. Malo amene uthenga ukumveka bwino m'mawa akhoza kukhala chete masana chifukwa lole yaima pafupi kapena wina watseka chitseko chachitsulo.

Mankhwala a vutoli adachokera kosayembekezeka. Pa 11 Ogasiti 1942, katswiri wa mafilimu Hedy Lamarr ndi wopeka nyimbo George Antheil adalandira patenti ku America ya njira yoti wotumiza ndi wolandira azidumpha limodzi kuchoka pa tchanelo ina kupita pa ina, mwa matchanelo 88, kuti adani asasokoneze uthenga wowongolera mabomba oyenda pansi pa madzi. Asilikali apamadzi a America sadaigwiritse ntchito pa nkhondo imeneyo. Ena adaganizaponso za kudumpha kotereku iwo asanatero komanso pambuyo pawo, koma mfundo yake ndi imene ili m'masensa a lero: tchanelo imodzi ikatsekeka, yesa ina. Mu 1985 bungwe la FCC, loyang'anira mafunde ku America, lidalola anthu kugwiritsa ntchito njira zoterezi popanda laisensi m'zigawo zina za mafunde, kuphatikizapo 2.4 GHz. Pakhomo limeneli ndi pamene padalowera Wi-Fi ndi Bluetooth, kenako masensa a m'fakitale.

Panatsala vuto la batire. Wayilesi yaing'ono imadya magetsi pomvetsera pafupifupi mofanana ndi polankhula, moti ikakhala maso usana ndi usiku batire silikhalitsa. Mu 1997 Kris Pister wa pa yunivesite ya California ku Berkeley adayambitsa kafukufuku wotchedwa Smart Dust, mothandizidwa ndi bungwe la DARPA, wofuna kupanga masensa aang'ono ngati mchenga olankhulana okha. Kuchokera ku Berkeley komweko kudatuluka timakina toyeserera totchedwa motes ndi pulogalamu yotiyendetsa ya TinyOS. Mu 2002 Pister adakhazikitsa kampani ya Dust Networks, ndipo mu 2003 bungwe la IEEE lidatulutsa muyezo wa 802.15.4 wa wayilesi zodya magetsi ochepa, zothamanga 250 kbit/s pa 2.4 GHz. Nzeru ya Dust Networks inali yoti zipangizo zonse za pa netiweki zizisunga nthawi imodzi. Chilichonse chimadziwa kamphindi kake kodzukira, tchanelo yoti chigwiritse ntchito ndi mnzake woti chilankhule naye. Chikatha chimagonanso.

Kuyesa kwenikweni kudachitikira panyanja. Mu 2004 ofufuza a Intel mogwirizana ndi kampani ya BP adaika netiweki yoyeza kunjenjemera kwa makina m'chipinda cha injini cha sitima yonyamula mafuta ya Loch Rannoch, yomwe inkayenda m'nyanja za kumpoto kwa Scotland. Malowo anali zitsulo zokhazokha, otentha ndiponso ogwedezeka. Wayilesi idadutsa bwino kuposa momwe ambiri ankaopera, koma sitima ili ndi zitseko zotchinga madzi, ndipo zikatsekedwa zigawo za netiweki zinkatha kulekana. Phunziro lidali loti netiweki ya m'malo otere iyenera kuyembekezera kuduka, kusunga zimene yayeza, n'kudzilumikizanso yokha popanda munthu kubwera kudzaidzutsa.

Mu Seputembala 2007 bungwe loyang'anira HART lidatulutsa WirelessHART, yomwe idatengera kwambiri njira ya Dust Networks. Nthawi imagawidwa m'tizigawo ta 10 ms, uthenga umadumphadumpha m'matchanelo 15, ndipo chipangizo chilichonse chimatha kulandira uthenga wa chinzake n'kuupatsira kutsogolo mpaka ukafike pa gateway, bokosi limene limalumikiza masensa onse ndi makompyuta a fakitale. Mu 2010 muyezowu udavomerezedwa padziko lonse ngati IEC 62591. Mnzake wopikisana naye, ISA100.11a, adatuluka mu 2009 ndipo adakhala IEC 62734 mu 2014. Kukanika kwa magulu awiriwa kugwirizana kudasiyira ogula mutu wopweteka, chifukwa sensa ya muyezo wina silankhula ndi gateway ya muyezo winawo.

Zimene woika makina amalowa m'malo mwa nthambo

Mukawerenga malangizo oikira zipangizozi mutadziwa mbiri imeneyi, lamulo lililonse limaoneka komwe lidachokera. Kampani ya Emerson, yomwe ndi mwini wa Rosemount, imalangiza kuti gateway iyambe kuikidwa ndi kuyatsidwa, kenako masensa aziyatsidwa kuyambira oyandikira kupita akutali, kuti chipangizo chatsopano chizipeza mnzake wochilandira. Imalangizanso kuti zipangizo zosachepera 5 zizifikira gateway mwachindunji, kuti pa netiweki yaikulu zikhale zosachepera 25 pa 100 zilizonse, ndiponso kuti chipangizo chilichonse chikhale ndi anzake osachepera 3 omwe chingalankhule nawo. Chifukwa chake ndi chija cha zitseko za Loch Rannoch. Njira imodzi ikatsekeka pazikhala ina.

Pali chifukwa chinanso. Ngati masensa 20 onse akudutsira pa chipangizo chimodzi kuti akafike pa gateway, chipangizocho chimadzuka kawirikawiri kuposa anzake, batire lake limatha msanga, ndipo tsiku limene lidzathe onse 20 adzakhala chete. Pa pepala netiweki yotere imaoneka yathanzi. Amene angaone ngoziyi ndi munthu woyenda pamalopo, woona kuti pakati pa nyumba ya boyila ndi mathanki pali kampata kamodzi kokha kodutsa mafunde, n'kuganiza zoikapo chipangizo china chongothandiza kupatsira uthenga.

Eriyo iyenera kuima chilili, motalikirana ndi khoma kapena chitsulo chachikulu pafupifupi mita imodzi, ndipo eriyo ya gateway ikakwezedwa padenga imafuna chotetezera ku mphenzi ndi waya wopita pansi. Pamene nthambo ya eriyo yalowera pamafunika kumata bwino, chifukwa madzi a mvula akalowa uthenga umafooka pang'onopang'ono kwa miyezi popanda chooneka. Ndiye pali chisankho cha kuchuluka kwa nthawi yotumizira. Opanga zipangizozi amati batire likhoza kufika zaka 10 ngati sensa ikutumiza kamodzi pa mphindi, koma mukaiuza kuti izitumiza sekondi iliyonse zakazo zimatsika kwambiri. Kutentha kwa thanki yaikulu sikusintha pa sekondi imodzi, pamene pulesha ya mu paipi ikhoza kutero. Woika makina amene sadziwa zimene zikuchitika mkati mwa paipi sangasankhe bwino, ngakhale atadziwa za wayilesi chotani.

Ntchito yachitatu ya nthambo ndi imene imaiwalika kawirikawiri. Waya ukaduka magetsi amagwera pa ziro, koma wayilesi ikaduka palibe chimagwa. Pamangokhala zii. Gateway imadziwa kuti sensa yakutiyakuti yasiya kulankhula, koma ngati amene adalumikiza gateway ndi kompyuta adangotenga nambala yokha n'kusiya chizindikiro chonena za thanzi la nambalayo, sikirini ikhoza kupitiriza kuonetsa nambala yomaliza ngati kuti zonse zili bwino. Ntchito imene 4 mA inkagwira mwaulere tsopano imafuna munthu woti akhale pansi n'kulemba kuti uthenga ukachedwa kwa nthawi yakuti, alamu ilire.

Nambala yoima ndi loko wosaikidwa

Kuopsa kwa nambala yoima kudaoneka ku Buncefield, malo osungira mafuta pafupi ndi Hemel Hempstead ku England. Zida za kumeneko zinali za mawaya, koma phunziro lake likukhudza aliyense woika choyezera. Usiku wa pa 10 Disembala 2005 petulo ankapopedwa kulowa mu thanki nambala 912. Cha m'ma 3 koloko m'bandakucha wa pa 11 Disembala, geji yoyeza kuchuluka kwa mafuta idakakamira, ndipo nambala ya pa sikirini idaima pamodzi pamene thanki inkapitirira kudzaza. Popeza maalamu ankadalira nambala yomweyo, palibe idalira. Geji imeneyi idali itakakamirapo ka 14 kuyambira kumapeto kwa Ogasiti chaka chomwecho, ndipo anthu ankangoigwedeza kuti iyambenso, osathana ndi gwero la vutolo.

Pa thankipo padali chitetezo chachiwiri, switchi yapayokha yoti mafuta akafika pamwamba itseke mavaluvu. Switchiyo idali ndi kachitsulo koyesera, komwe kankayenera kumangidwa ndi loko kuti kakhale pamalo ogwirira ntchito. Uthenga wakuti loko ameneyu ndi mbali ya chipangizocho, osati wongoletsa anthu kuseweretsa, sudafike bwino kwa oika ndi ogwiritsa ntchito. Loko sadaikidwe, ndipo switchi sidagwire. Petulo woposa malita 250,000 adasefukira, nthunzi yake idafalikira pamalopo, ndipo itangokwana 6 koloko m'mawa kudaphulika. Anthu oposa 40 adavulala, moto udayaka masiku angapo, ndipo kuti pasafe munthu chidathandiza n'chakuti linali Lamulungu m'mawa, maofesi oyandikana nawo ali opanda anthu. Mu 2010 khoti lidalamula makampani asanu kulipira pafupifupi mapaundi 10 miliyoni.

Zaka 26 m'mbuyo mwake, pa 28 Marichi 1979, pamalo opangira magetsi a nyukiliya a Three Mile Island ku Pennsylvania padachitika zofananako. Valuvu yotulutsira pulesha idakakamira ili yotsegula kwa maola oposa awiri, pamene nyali ya m'chipinda choyang'anira inkapangitsa anthu kukhulupirira kuti yatsekeka. Nyaliyo inkangosonyeza kuti lamulo lotseka latumizidwa. Sinkaona valuvu yeniyeniyo. M'ngozi ziwirizi uthenga unkafika bwinobwino m'chipinda choyang'anira, koma unali wabodza. WirelessHART imayesetsa kwambiri kuti uthenga usasowe panjira, ndipo imachita bwino, koma ilibe njira yodziwira kuti sensa ya kunjenjemera yamatidwa pa chivundikiro chopyapyala cha mota m'malo mwa pamwamba pa beringi, kapena kuti choyezera kutentha sichidalowe mokwanira mu paipi. Idzanyamula bodzalo mokhulupirika kwa zaka 10.

Khomo limene wayilesi idatsegula

Pali ntchito ina imene nthambo inkagwira mosadziwa. Kuti munthu asokoneze uthenga wa mu waya ankayenera kulowa mumpanda. Mafunde sadziwa mpanda. M'chaka cha 2000, ku Maroochy m'chigawo cha Queensland ku Australia, munthu wina amene adagwirapo ntchito kwa kontilakitala woika makina oyendetsera mapampu a zonyansa za m'zimbudzi adakwiya atakanidwa ntchito ku khonsolo. Adatenga wayilesi ndi kompyuta m'galimoto yake n'kumatumiza malamulo abodza ku mapampu kambirimbiri kwa miyezi ingapo. Zonyansa zokwana malita pafupifupi 800,000 zidatayikira m'mapaki ndi m'mitsinje, ndipo iye adalamulidwa kukhala m'ndende zaka 2. Makinawo ankamvera aliyense wolankhula chinenero chawo.

Okonza WirelessHART adamva phunziroli. Uthenga wonse umabisidwa ndi AES ya 128-bit, ndipo kubisaku sikungazimitsidwe. Chipangizo chatsopano sichilowa pa netiweki popanda nambala ya netiwekiyo ndi kiyi yolowera. Koma kiyiyo amailemba ndi munthu. Akasiya imene idabwera ndi chipangizo kuchokera kofakitale yake, kapena akailemba pa kapepala n'kumata mkati mwa chitseko cha kabati, kapena kampani ikalephera kuisintha kontilakitala atachoka, masamu onse a AES amakhala ngati chitseko chachitsulo chomwe kiyi yake ili pansi pa mphasa ya pakhomo.

Kodi ndiye tibwerere ku mawaya?

Ayi. Wina akhoza kuwerenga zonsezi n'kunena kuti nthambo inali bwino, koma ameneyo waiwala munthu wa kabuku uja ndi zinthu zambirimbiri zimene sizinkayezedwa konse. Phindu lenileni la masensa opanda waya lili pa zoyezedwa zimene kale zinalibe woziyang'ana: mapampu ang'onoang'ono, mavaluvu otaya nthunzi, mathanki a kumapeto kwa mpanda, makina ozungulira omwe waya sungafikepo. Sensa yotumiza kamodzi pa mphindi imaposa kutali munthu wodutsa kamodzi pa mwezi, ndipo imachotsa munthuyo pamwamba pa thanki usiku kukugwa mvula. N'chifukwa chake mafakitale ambiri amagwiritsa ntchito zopanda waya poyang'anira, koma zida zozimitsa makina pangozi amazisiyabe pa nthambo. Kugawa kotereku kukuonetsa kuti amvetsa chimene njira iliyonse ingathe.

Kwa ife amene tikuphunzira uinjiniya ku Malawi, nkhaniyi ili pafupi kuposa momwe ikuonekera. Masensa amenewa amapangidwa kunja, koma amene adzawamangirire pa mapaipi a mafakitale a shuga, a tiyi, a simenti ndi m'malo opopera madzi ndi ife. Chipangizo cha wayilesi cholowa m'dziko muno chimafuna chivomerezo cha MACRA, bungwe loyang'anira mafunde. Masensa ali ndi mabatire, koma gateway imadalira magetsi a pakhoma, ndipo kuno magetsi akathima popanda batire losungira, netiweki yonse imakhala yosalankhula ngakhale sensa iliyonse ili moyo. Batire lapadera lija silipezeka m'sitolo ya hadiweya, choncho tsiku loika makina ndi tsiku loyeneranso kulemba kuti lidzasinthidwa liti, ndani adzaitanitse, ndipo ndalama yake idzachokera pati.

Zimenezi sizikhala pa mayeso kawirikawiri. Timaphunzira kuwerengera mphamvu ya mafunde ndi kulemba mapulogalamu, ndipo ntchito yoika timaiona ngati ya amisiri, yoti injiniya angosainira. Mbiri ikutsutsa maganizo amenewa. Ku Buncefield chimene chidasowa chinali loko wogulidwa ndi ndalama zochepa komanso munthu mmodzi wofunsa kuti kabowo kali pa kachitsuloka n'kachiyani. Safunsa adadya phula. Injiniya amene akufuna kuti manambala a pa sikirini yake akhale oona ayenera kuvala chipewa, kukwera pamene sensa yaikidwa, kuyerekeza nambala yake ndi choyezera china chodalirika, kenako kuchotsa batire dala n'kuona ngati m'chipinda choyang'anira muli amene wadziwa. Ngati palibe wadziwa, ntchito yoika sinathe.